Kodi mwana wa makolo osaphunzira angakhoze mayeso omaliza sekondale?

FUNSO: Anti, ine ndi bambo a kunyumba tonse sukulu sitinapite nayo patali, ine ndinalekezera ku pulaimale. Mwana wathu wamkazi alemba mayeso omaliza sekondale chaka chino, ndiye tsiku lina alamu anga anangoti musamadzivute naye, amakhoza ndi ana a anthu ophunzira ndi a ndalama basi. Mwanayo anamva ndipo kuchokera tsiku limenelo sakuwerenganso ngati kale. Ndi zoona zimenezi eti? Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, choyamba zandiwawa kuti alamu anuwo anayankhula zimenezi mwana akumva, munthu wamkulu satero. Koma sindikunamizani, kachoonadi kalipo pa zomwe ananenazo. Mu 1966 ku America katswiri wina James Coleman anatsogolera kafukufuku wa ana asukulu oposa 600,000 ndipo anapeza kuti kumene mwana akuchokera, maphunziro a makolo ndi kapezedwe ka pakhomo, zimayendera limodzi kwambiri ndi mmene amakhozera. Mayeso a PISA omwe bungwe la mgwirizano wa maiko pa zachuma lotchedwa OECD limalembetsa ana a zaka 15 m'maiko ambiri kuyambira mu 2000 amaonetsanso zomwezo.

Koma ndiye funsani kuti chifukwa chake nchiyani. Si magazi ayi. Mwana wa pakhomo popeza bwino amakhala ndi mabuku akeake, magetsi usiku, sajomba chifukwa cha fizi, akafika kunyumba sapeza ntchito zili mulu kumudikira, komanso nthawi zambiri chiyankhulo cha mayesocho amachimva ngakhale pakhomo pomwe, pomwe mnzake amakumana nacho mkalasi mokha ndiye funso amalilakwa chifukwa sanalimve bwino osati chifukwa sadziwa yankho. Kwa atsikana nkhani ya ntchito za pakhomoyi ndi imene imawadyera nthawi kwambiri, ndipo makolo ambiri sitiiona ngati vuto poti tinazolowera.

Alamu anuwo sakudziwanso kuti mu 1983 akatswiri ena awiri, Stephen Heyneman ndi William Loxley, atayerekeza maiko 29 anapeza kuti m'maiko osauka sukulu ndi aphunzitsi zimakhala ndi mphamvu yaikulu pa makhozedwe a mwana kuposa m'maiko olemera. Ndipo pa PISA ya 2018, pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 aliwonse ochokera m'mabanja ovutika anapezeka mgulu la okhoza bwino kwambiri pa kuwerenga mdziko lake. Ndi ochepa inde, ndipo zimenezo ndi zopanda chilungamo, koma manambala amenewa amanena za gulu lonse, sanena za mwana wanu amene wafika kale kalasi yomaliza pomwe anzake ambiri ochokera m'makomo ngati lanu anasiyira panjira.

Ndiye inu musadandaule kuti masamu ake simungamuthandize. Miyezi yatsalayi mumuchotsere ntchito zina, abale ake agawane, akhale ndi maola ake owerenga tsiku lililonse ndi kowunikira, ndipo asajombe. Pitani kusukulu mukaonane ndi aphunzitsi ake, musaope, mukafunse phunziro lomwe likumuvuta ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mapepala amenewo azilemba buku litatsekedwa, akudziyikira nthawi ngati ali m'mayeso enieni, chifukwa kudziyesa kumathandiza kukumbukira kuposa kungobwereza kuwerenga manotsi. Mukhozanso kumuuza kuti akufotokozereni zomwe wawerenga, kaya inu muzimva kaya ayi, pofotokozapo iye mwini amaona pomwe pakumusowa.

Koma musanachite zonsezi, khalani naye pansi usiku uno inu ndi bambo akewo, mumuuze kuti zomwe anamva zija inu simukugwirizana nazo, chifukwa pano mwina akuganiza kuti kukhala chete kwanu ndi kuvomereza. Alamuwo muwauzenso mwaulemu kuti nkhani ya mayeso a mwanayu asamaiyankhule pakhomo panu.