Rampu ya mamita awiri pa masitepe atatu? Musalole, bambo

Mkulu wa mpingo wina wandilembera kuti akumanga tchalitchi chatsopano, khomo lili ndi masitepe atatu, ndipo bilidala wawauza kuti rampu (kanjira kotsetsereka kokwerera anthu oyenda pa chikuku) ya mamita awiri ikwanira. Akufunsa ngati avomere, poti simenti yatsala yochepa.

Bambo, musavomere. Funso lanuli landiwawa mtima chifukwa marampu oterewa adzaza m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi mwathu, amangidwa kuti anthu aone kuti alipo, koma mwini chikuku sangakwerepo yekha.

Tengani tepi muyeze kuchokera pansi kufika pakhonde. Sitepe imodzi nthawi zambiri imakhala masentimita 15, ndiye atatu ndi 45. Pa sentimita iliyonse yokwera, rampu italike masentimita 12. Kwa inu ndiye kuti mamita 5.4, ndipo isafupike kuposa pamenepo. Malo akalola, italikitseni. Ya mamita awiriyo, munthu akamakwera matayala akutsogolo amanyamuka, chikuku n'kugwera chagada. Potsika manja sangathe kugwira matayala, amapsa. Agogo oyendera ndodo nawonso amaopa chitsetsereko chotere kuposa masitepe enieniwo, n'chifukwa chake masitepe musawagumule, akhale pambali pa rampu.

M'lifupi ikhale mamita 1.2. Pamwamba pake siyani malo athyathyathya a mamita 1.5 mbali zonse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: rampu imathera pachitseko penipeni, ndiye munthu atsegule bwanji dzanja lina likuletsa chikuku kubwerera m'mbuyo? M'mphepete monse ikani kamzere ka njerwa kotalika masentimita 10 kuti tayala lisapsyonthoke, ndi mapaipi ogwirira mbali zonse ziwiri, ina pa masentimita 90, ina pa 70 ya ana ndi okhala m'chikuku. Paipi yachitsulo padzuwa la Okutobala imaotcha, ipakeni penti yoyera.

Matailosi ayi. Ndikudziwa komiti ifuna khomo lowala, koma tailosi ikanyowa ndi msampha, chimodzimodzi simenti yosalaza ndi kupaka polishi. Konkire isanaume, kokanipo tsache lolimba chopingasa kuti pakhale timizere. Madzi a padenga asagwere pa rampu, apo ayi pofika Febuluwale pamera ndere.

Chomwe sindigwirizana nacho m'pang'ono pomwe ndi mawu akuti "tidzamunyamula". Mayi wamkulu, wavala chitenje chake cha Lamulungu, anyamata anayi amunyamule ngati thumba la chimanga mpingo wonse ukuyang'ana, ndiye tizidabwa kuti wasiya kubwera? Enanso amati mumpingo mwathu mulibe aulumali. Alipo, ali kunyumba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wina wake. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lamulo la anthu aulumali linabwera mu 2012, lina latsopano mu 2024. Kulowa m'nyumba ya anthu onse ndi ufulu, si chifundo cha komiti. Ndipo rampu yomweyo adzayendapo amayi oyembekezera, wothyoka mwendo, ndi onyamula bokosi la maliro.

Chimbudzi

Simunafunse, koma munthu wolowa m'tchalitchi n'kulephera kulowa m'chimbudzi sakhalitsa. Chipinda chimodzi chikhale chachikulu moti pakati patsale bwalo la mamita 1.5 lotembenukira chikuku. Chitseko chitsegukire kunja, chifukwa munthu akagwa m'kati thupi lake limatchinga chitseko chotsegukira m'kati. Pa dzenje mangani mpando wa njerwa wotalika masentimita 45 mpaka 48, wopakidwa bwino kuti uzitsukika, ndi paipi yogwirira yozikidwa m'khoma, osati yongokhomera ndi misomali. Mpondagiya amafuna phazi, ndiye ikaninso ndowa ya mpopi pamalo ofikika munthu ali chikhalire. Njira yopitako isakhale ya mchenga, matayala ang'ono akutsogolo amatitimira.

Za osaona bwino, kuphatikizapo abale athu achialubino: m'mphepete mwa sitepe iliyonse pakani penti yachikasu, felemu ya chitseko isiyane mtundu ndi khoma, ndipo mawindo otsegukira panjira asafike pamutu wa munthu. Chitseko chachikulu chisiye mpata wa masentimita 90 chikatseguka, pansi pake popanda chopunthwitsa.

Tsono za simenti yanu yochepayo. Thirani dothi patsogolo pa khomo, mulitsendere bwino mpaka sitepe yoyamba ikwiririke. Kukwera kutsala 30, rampu ifupika kufika mamita 3.6. Iyendetseni motsata khoma, m'kati mudzaze dothi ndi zibuma, konkire ikhale masentimita 10 pamwamba pokha, muithirire madzi masiku asanu ndi awiri. Musanathire konkireyo, itanani munthu woyenda pa chikuku adzaone malowo limodzi ndi bilidala. A FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi) kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lanu angakulozereni woti mumuitane.