Mafunso a Owerenga: Kodi Woyendetsa Ndege Azipuma pa Ntchito Ali ndi Zaka Zingati?

FUNSO: Alamu anga akhala akuyendetsa ndege zonyamula anthu kwa zaka zoposa 35, ndipo chaka chamawa akwanitsa zaka 65. Atabwera kumudzi pa nthawi ya Nc'wala anatiuza kuti tsiku limenelo likadzangokwana, lamulo silidzawalolanso kukhala pa mpando wa kaputeni, ngakhale kuti madokotala amawayeza kawirikawiri osawapeza ndi vuto lililonse. Munthuyu ndi wamphamvu, ndipo akagwira khasu amaposa anyamata ambiri. Ndamva kuti kunja kuli zokambirana zoti zaka zimenezi azikweze kufika pa 67. Kodi lamulo lotere linachokera kuti? Nanga si kutaya nzeru kumeneku, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto?
Bambo wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Zimene alamu anu anakuuzani ndi zoona, ndipo lamulolo silinayambire ku Lusaka. Limachokera ku ICAO, bungwe la United Nations loyang'anira maulendo a pandege, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo linakhazikitsidwa potsatira pangano la ku Chicago la mu 1944. Zambia ndi membala wa bungweli. Malamulo ake amanena kuti munthu amene wakwanitsa zaka 65 asayendetse ndege yamalonda yodutsa malire a mayiko ngakhale atakhala ndi mnzake pambali, ndipo ngati ndegeyo ndi yoyendetsedwa ndi munthu mmodzi yekha, zaka zake zimathera pa 60.

Zaka zimenezi zakhala zikusintha. Mu 1959, pamene ndege za jeti monga Boeing 707 zinali zitangoyamba kunyamula anthu, bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linalamula kuti oyendetsa ndege azipuma akakwanitsa zaka 60, poopa matenda a mtima ogwira mwadzidzidzi komanso pokayikira ngati anthu amene anazolowera ndege zakale akanatha kuphunzira zothamanga kwambirizo. Lamulo limenelo linakhala pafupifupi zaka 50. ICAO inakweza malire kufika pa 65 mu November 2006, koma inaikapo mfundo yoti kaputeni akakhala wopitirira zaka 60, mnzakeyo azikhala wosakwana 60. America inatsatira mu December 2007, ndipo mu 2014 ICAO inachotsa mfundo yowonjezera ija, moti lero anthu awiri opitirira zaka 60 akhoza kuyendetsa ndege imodzi.

Mwambi umene mwatchula uli ndi umboni wake pa ntchito imeneyi. Pa 15 January 2009, ndege ya Airbus A320 itangonyamuka ku New York inawombana ndi gulu la atsekwe, ndipo injini zake zonse ziwiri zinasiya kukoka. Kaputeni Chesley Sullenberger, amene anali ndi zaka 57, anaona kuti sangafike pa bwalo lililonse, choncho anaiteretsa pa mtsinje wa Hudson, ndipo anthu onse 155 amene anali m'ndegemo anapulumuka. Kudziwa chochita m'mphindi zitatu kapena zinayi zotero sikuphunziridwa m'kalasi mokha. Kumabwera ndi zaka zambiri zokumana ndi mphepo, mvula ya mabingu ndi makina ovuta, ndipo kampani ikataya kaputeni wotere, imatayanso mphunzitsi wa achinyamata amene amakhala kudzanja lake lamanja.

Komabe amene anaika malirewo sanachite mwachipongwe. Munthu akamakula, mpata woti mtima wake uime mwadzidzidzi kapena agwidwe ndi sitiroko umakulanso, maso ndi makutu zimafooka, ndipo thupi limatenga nthawi yaitali kuti libwerere m'malo pambuyo pa ulendo wochezera usiku wonse. N'chifukwa chake woyendetsa ndege wopitirira zaka 60 amayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, pamene wocheperapo pa ndege yoyendetsedwa ndi anthu awiri amayezedwa kamodzi pa chaka. Madokotala ovomerezeka amaona mmene mtima ukugundira, kuthamanga kwa magazi, shuga, maso ndi makutu. Kuwonjezera apo, aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, amalowa kawiri pa chaka m'makina oyeserera ndege otchedwa simulator, m'mene amamuzimitsira injini, kumuyatsira moto kapena kumuphimbira bwalo ndi chifunga kuti aone mmene angachitire. Chovuta kuyeza ndi ubongo. Kuchedwa pang'ono kuganiza, kapena kulephera kugwira zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi, kumabwera mwakachetechete, ndipo munthu wodziwa ntchito amatha kukubisa ndi luso lake mpaka tsiku limene zinthu zambiri zawonongeka pamodzi. Apa ndi pamene otsutsa kukweza zaka ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindikufuna kuichepetsa.

Nkhani ya kufera pa mpando, imene anthu ambiri amaiopa kwambiri, ili ndi yankho lake kale, ndipo yankholo ndi woyendetsa wachiwiri. Mu June 2009 kaputeni wa zaka 60 anamwalira ndege ikuchokera ku Brussels kupita ku Newark, ndipo anzake anakaiteretsa bwinobwino. Mu October 2024 kaputeni wa Turkish Airlines wa zaka 59 anamwalira pa ulendo wochokera ku Seattle kupita ku Istanbul, ndipo anzake anakhotera ku New York n'kutera popanda wovulala. Taonani kuti kaputeni wa Turkish Airlines ameneyu anali asanafike ngakhale pa malire akale aja a zaka 60. Zochitika zimenezi zikusonyeza kuti chimene chimateteza okwera ndi kuyeza thupi mosanyengerera komanso kukhala ndi anthu awiri ophunzitsidwa kulandirana ntchito. Tsiku lobadwa palokha silinena zambiri.

Tsono za 67 zimene mwamvazo zinayenda motere. Matenda a Covid-19 ataimitsa maulendo mu 2020, makampani ambiri analimbikitsa oyendetsa ndege achikulire kupuma msanga, ndipo maulendo atayambiranso anapezeka kuti anthu achepa. Mu 2023 nyumba ya malamulo ya House of Representatives ku America inavomereza zokweza zaka kufika pa 67, mothandizidwa ndi makampani a ndege zing'onozing'ono amene amasowa akaputeni. Bungwe lalikulu loimira oyendetsa ndege la ALPA linakana, ndipo mu February 2024 komiti ya Senate, nyumba ina ya malamulo ya ku America komweko, inaikana mfundoyo, moti lamulo limene linasainidwa mu May chaka chomwecho linasiya zaka pa 65. Mu 2025 bungwe la makampani a ndege la IATA linakapereka ganizo lomwelo ku msonkhano waukulu wa ICAO ku Montreal, koma malirewo sanasinthe. Mayiko ena anapita kale patsogolo pa maulendo a m'dziko mwawo: Japan inakweza zaka kufika pa 67 mu 2015, ndipo Canada, Australia ndi New Zealand alibe malire okhazikika a zaka, amadalira kuyeza thupi ndi luso.

Chifukwa chimodzi chimene ALPA inakanira n'chofunika kwa ife kuno. Dziko limodzi likakweza zaka palokha, oyendetsa ake opitirira 65 sangatuluke nazo ndege kunja, chifukwa dziko lina lili ndi ufulu wowakaniza kulowa m'mlengalenga mwake. Tsono akaputeni achikulire ndi amene amayendetsa ndege zazikulu za maulendo ataliatali, choncho akanayenera kuphunzitsidwanso ndege zazing'ono za m'dziko, zimene zikanadya ndalama zambiri ndi kusuntha anzawo pa malo. Zambia ndi dziko lozunguliridwa ndi mayiko ena, ndipo makampani athu ali ndi ndege zochepa, moti munthu amene wapita ku Mfuwe m'mawa akhoza kufunika ku Johannesburg madzulo. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 2009 mpaka mu 2016 ndege zolembetsedwa m'Zambia zinali zoletsedwa kulowa m'mayiko a European Union chifukwa cha kukayikira kayang'aniridwe ka chitetezo, ndipo zinatengera khama lalikulu la Zambia Civil Aviation Authority kuti dzina lathu lichotsedwe pa mndandandawo. Mbiri yopezeka movutikira chotero si yoti tiiike pachiswe posiyana ndi malamulo a ICAO.

Maganizo anga ndi akuti alamu anu ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Ndikukhulupirira kuti zaka 67 zidzavomerezedwa tsiku lina pa ndege zoyendetsedwa ndi anthu awiri, monga mmene 65 inavomerezedwera, ndipo ndingakondwe nazo ngati zitabwera kudzera ku ICAO, pamodzi ndi njira zodalirika zoyezera ubongo wa munthu wachikulire. Koma pa ndege zazing'ono zoyendetsedwa ndi munthu mmodzi, monga zimene zimanyamula alendo m'chigwa cha Luangwa, sindingavomereze kufewetsa lamulo, popeza palibe wolandira chiwongolero. Pakadali pano, alamu anuwo akonzekere chaka chamawa monga mmene lamulo lilili. Malire a zaka amakhudza kuyendetsa ndege zamalonda, saletsa kuphunzitsa m'kalasi, kuphunzitsa pa simulator kapena kuthandiza pa ntchito yoyang'anira chitetezo, ndipo m'malo amenewa nzeru za zaka 35 zikusowa kwambiri.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali mu giredi 11 ndipo kuyambira ali wamng'ono amaonerera ndege zikutera pa bwalo la kuno kwathu. Akufunitsitsa kudzakhala woyendetsa ndege. Tinamva pa wailesi kuti achikulire akufuna kuwonjezeredwa zaka zogwira ntchito, ndipo iye wada nkhawa kuti malo sadzapezeka. Kodi tipitirize kumulimbikitsa, kapena tim'patutsire ku ntchito ina?
Mayi wa ku Mfuwe, Mambwe

YANKHO: Mayi, nkhawa ya mwana wanu ili ndi maziko, koma ndi yocheperapo kusiyana ndi mmene akuionera. Ku America atakweza zaka kuchoka pa 60 kufika pa 65 mu 2007, kupuma kwa akaputeni kunachepa kwambiri kwa zaka zisanu, ndipo achinyamata ambiri anadikira nthawi yaitali kuti akwezedwe, makamaka poti nthawi yomweyo chuma cha dziko lonse lapansi chinali chitasokonekera. Koma kumapeto kwa 2012 achikulire aja anayamba kufika pa 65, ndipo malo anatsegukanso. Kukweza zaka kumangochedwetsa kupuma, sikuchotsa kupumako. Zitati zichitike lero, kuchedwako kungakhale kwa zaka ziwiri zokha, ndipo kungathe mwana wanu asanamalize n'komwe maphunziro ake.

Chimene chimatsekereza achinyamata athu si akaputeni achikulire, koma mtengo wa maphunziro ndi kuchepa kwa ndege zophunzirirapo ntchito. Malinga ndi malamulo a ICAO, chiphaso choyendetsera ndege molipidwa chimafuna munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo amene wauluka pafupifupi maola 200, ndipo ola lililonse wophunzira amalipira mafuta, ndege ndi mphunzitsi. Chiphaso chapamwamba, chimene kaputeni wa ndege yaikulu ayenera kukhala nacho, chimafuna maola 1,500 ndi zaka zosachepera 21. Pakati pa 200 ndi 1,500 ndi pamene ambiri amakanirira, chifukwa maola amenewo amapezeka pogwira ntchito, ndipo ntchitoyo imafuna kampani imene ili ndi ndege komanso kaputeni woti akhale pambali pa wophunzirayo. Apa muona kuti wachikulire amene mwana wanu akumuopa ndi yemweyo amene adzamufune kuti amuphunzitse.

Dziko lathu linabwerera m'mbuyo pa nkhani imeneyi pamene Zambia Airways yakale inatsekedwa mu December 1994, chifukwa ambiri mwa oyendetsa ndege ake anapita kukagwira ntchito kunja ndipo njira yolerera atsopano inaduka. Kampani yatsopano ya dzina lomwelo inayamba maulendo mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, ndipo Proflight Zambia, imene ndege zake mumaziona ku Mfuwe, yakhala ikutumikira maulendo a m'dziko muno kwa zaka zambiri. Ku Lusaka kuli sukulu ya boma ya ZASTI yophunzitsa ntchito za ndege, ndipo ena amadzera ku Zambia Air Force. Kwa ine, kukambirana zowonjezera zaka ziwiri kwa achikulire popanda kukambirana za ngongole kapena thandizo la maphunziro kwa ana a m'maboma monga Mambwe, Katete ndi Lundazi ndi kusiya mbali yaikulu ya vutoli, chifukwa zaka ziwirizo zikadzatha, kusowa kwa anthu kudzakhala kuli pomwepo.

Choncho mulimbikitseni. Alimbikire masamu, sayansi ndi Chingelezi, popeza kulankhulana ndi oyang'anira ndege pa maulendo a kunja kumachitika m'Chingelezi ndipo ICAO imafuna kuti munthu ayesedwe luso limenelo asanaloledwe. Musanalipire ndalama iliyonse ku sukulu ya ndege, mupite naye kwa dokotala wovomerezeka ndi Zambia Civil Aviation Authority akamuyeze thupi lonse, makamaka maso, chifukwa munthu amene sasiyanitsa bwino mitundu yofiira ndi yobiriwira akhoza kulephera kupeza chiphaso, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi banja lisanagulitse ng'ombe kapena munda.