Za kuika injini ya rotary mu MX-5 yakale

Achimwene, mwafunsa ngati injini ya rotary ya 13B ya turbo yochokera mu galimoto ya Mazda RX-7 ingalowe mu Mazda MX-5 yanu ya 1990. Kulowa imalowa ndithu, thupi lake ndi laling'ono. Koma musanatulutse ndalama, ipimitseni compression, kutanthauza mphamvu yopanikiza mpweya mu injini. Rotor iliyonse (chitsulo chozungulira chimene chimagwira ntchito m'malo mwa pisitoni) ili ndi mbali zitatu, ndiye singano ya geji izidumpha katatu mofanana. Ikadumpha kamodzi mwamphamvu, kawiri mofooka, apex seal (kachitsulo kotseka mpweya pa nsonga ya rotor) yathyoka, injini yonse iyenera kuphwasulidwa.

Gulani pamodzi ndi giyabokosi yake, kompyuta ndi mawaya onse. Ma mounting (zomangirira injini) ndi propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu ku mawilo akumbuyo) ndi ntchito ya owotcherera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kutentha. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu. Rotary imatentha kwambiri, turbo n'kuwonjezeranso moto, ndiye ganizirani mukukwera Chiweta masana a Okutobala. Ikani rediyeta yaikulu ndi oil cooler, apo ayi ma seal a madzi aphika. Injiniyi imadya oyilo mwadala pofewetsa ma seal, choncho muziyang'ana dipstick pafupipafupi. Ambiri amathirako oyilo wa two-stroke pang'ono mu petulo. Petuloyo imamwanso osati masewera.

M'mawa wa Juni musailize n'kuizimitsa isanatenthe, mapulagi amanyowa n'kukana kulira.

Zipangizo zambiri n'zoitanitsa kunja, ndipo amakaniko odziwa kutsegula injiniyi ndi osowa. Yambani mwapeza munthu ameneyo. Nambala ya injini yatsopano mukailembetsenso ku Road Traffic.