Funsani Makaniko: Injini ya pikapu yanga ikulira kuti tsiii

FUNSO: Akulu, ndili ndi pikapu ya dizilo imene ndimanyamulira mbuzi ndi mbewu kuchokera kuno ku Ngabu kupita ku Blantyre. Kuyambira mwezi wathawu, ndikakwera zitunda za ku Thabwa n'kuima, ndikumva kulira kwa tsiii pansi pa boneti, ndipo sikuleka ngakhale nditazimitsa injini. Madzi a m'rediyeta ndikuwonjezera masiku atatu alionse, otunga pamjigo. Kodi vuto lili pati? Ndine wowerenga wanu wa ku Ngabu.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kutchula nthawi imene phokosoli limamveka, chifukwa nthawiyo ndi imene ikutilozera komwe kuli vuto. Injini ikazima, turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini) imaima ndipo ekizozi imakhala chete, koma madzi oziziritsa injini amakhalabe otentha ndi opanikizika kwa mphindi zambiri. Kulira kopitirira mutachotsa kiyi, pamodzi ndi kutha kwa madzi kumene mwanenako, kukusonyeza kuti penapake pakutuluka nthunzi kapena madzi akudonthera pachitsulo chamoto.

Chimene ndikuyamba kukayikira ndi chotsekera cha rediyeta, kachipangizo kotchipa kamene ambiri sakalabadira. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya m'kati, pafupifupi 1 bar (muyeso wa kupanikizika), kuti madzi asawire pa madigiri 100 monga achitira mumphika koma afike cha m'ma 120. Labala wake akauma kapena sipulingi ikafooka, madzi amawira msanga, makamaka pamtunda ngati wa Thabwa pomwe galimoto yodzaza katundu imakwera mamita oposa 800 kuchoka kuchigwa kufika ku Blantyre, ili pagiya yaying'ono. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa kuchigwako kumafika madigiri 40, chotsekera chofooka sichingapirire. Pogula china, onani nambala yolembedwa pamwamba pa chakalecho ndipo mugule chofanana nacho.

Ndikupempheni ndi mtima wonse: musatsegule rediyeta injini ili yotentha, ngakhale mutakulunga dzanja ndi chiguduli. Madziwo amathovoka mwamphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja. Dikirani mpaka paipi yapamwamba ya rediyeta izizire moti n'kugwirika ndi dzanja.

M'mawa injini isanalizidwe, finyani mapaipi a labala onse a madzi. Paipi yofewa kwambiri, yotupa kapena yong'aluka pafupi ndi kilampu isinthidwe, osati kumangidwa ndi mphira. Yang'ananinso zipsera zoyera kapena za dzimbiri m'mbali mwa rediyeta ndi pansi pa pampu ya madzi, chifukwa madzi odontha pamalo otentha amauma asanafike pansi, n'kusiya chizindikiro chokhacho. Ngati simupeza kanthu, pitani kugalaja yokhala ndi kapampu koyezera rediyeta. Amakapopa injini ili yozizira ndipo pobooka pamaonekera.

Nkhani ya madzi a pamjigo yandidetsa nkhawa kuposa phokosolo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere, monga mukudziwira powalawa, ndipo mchere umenewu umadya chitsulo ndi aluminiyamu m'kati mwa injini, n'kutseka timipata ting'onoting'ono ta rediyeta. Mukakonza podontha, khetsani madzi onse, mutsuke rediyeta, kenako muthire kulanti (mankhwala oziziritsa injini) wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyeretsedwa aja ogulitsidwira mabatire, osati asidi. Kulanti wina amabwera wosakaniza kale, choncho werengani pachigubu. Tsukaninso fumbi ndi zinyalala zomata kutsogolo kwa rediyeta, zimene m'misewu yathu yafumbi sizichedwa kuunjikana.

Pali zizindikiro zitatu zimene mukaziona muyenera kuimika galimoto: thovu lotumphuka mosalekeza pakamwa pa rediyeta injini ikulira isanatenthe, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Zimenezi zimasonyeza kuti gasiketi ya mutu wa injini (chomatira cha pakati pa mutu ndi thunthu la injini) yapsa, ndipo ntchitoyo imafuna makaniko wodziwa kuyeza ngati mutuwo sunapindike.

Kwa owerenga ena amene galimoto zawo zimalira mosiyana ndi ya bambowa, kulira komveka pokhapokha mukaponda moto, kotsagana ndi utsi wakuda ndi kuchepa kwa mphamvu, kawirikawiri ndi paipi ya mpweya wa turbo yong'ambika kapena kilampu yomasuka. Kulira komveka mukaponda buleki, pedulo n'kumalimba, kumachokera ku busita ya mabuleki (chipangizo chofewetsa pedulo poponda) kapena paipi yake. Yesani motere: injini ili yozima, pondani buleki kasanu, mugwirizire phazi pomwepo, ndiye mulize injini. Pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikapanda kutsika, galimotoyo musatsetsereke nayo mitunda ya Thabwa mpaka busitayo itakonzedwa.