Desiki ya bwana ku Hollywood: yankho kwa mchemwali amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wakwathu amene wangomaliza digiri ya zamafilimu ku America. Anapempha kuti ndisamutchule dzina. Nkhani yake mwachidule ndi iyi: kampani ina ya maejenti (anthu opezera ntchito akatswiri a zamafilimu) ku Los Angeles yamuitana ku intavyu, ntchito yake yothandizira bwana mmodzi. Malipiro ndi a pa ola, ndipo ndi ochepa. Mayi ake ku Zomba atamva anangoti, "Ndiye sukulu yonse ija kukathera pa usekilitale?" Tsono akufunsa ngati ayilandire akamutenga, kapena adikire ina yolingana ndi mapepala ake.

Achemwali, ine ndinakhalapo pa mpando umenewo zaka ziwiri, pa kampani imene sindiitchula. Ndikuti ilandireni, koma polowa mukhale mutadziwa kale mwezi umene mudzatuluke.

Mayi sakulakwa kwenikweni. Mudzayankha foni, mudzakonza ndandanda ya misonkhano, mudzagula matikiti a ndege, mudzasungitsa malo ku lesitilanti, ndipo tsiku lina mudzatumidwa kukasaka mphatso ya mwana wa munthu amene simunamuonepo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu sekilitale wa bwana amakalambira pa mpando wake, ndipo anthu amamulemekeza chifukwa cha zaka zimene wakhalapo. Ku Hollywood mpando umenewu anaupanga kuti ukhale wodutsirapo. Mwambowu unayambira ku William Morris, kampani yakale ya maejenti, kumene aliyense ankayambira m'chipinda cha makalata, kukankha kangolo ka maenvelopu. David Geffen, Barry Diller ndi Michael Ovitz, amene anadzakhala akuluakulu a ku Hollywood, onse anadzera m'menemo. Ovitz ndi anzake anayi anachoka n'kukatsegula kampani yawo ya maejenti, CAA, mu 1975, ndipo William Morris yeniyeniyo inaphatikizana ndi kampani ina ya maejenti, Endeavor, mu 2009 n'kukhala WME. Mpaka lero makampani akuluakulu, WME, CAA ndi UTA, amayendera dongosolo lomwelo: chipinda cha makalata, kenako desiki ya ejenti, kenako aliyense njira yake. Mwina inu akulumphitsani chipinda cha makalata, koma musadabwe akakuuzani kuti muyambire momwemo miyezi ingapo.

Ejenti ndi mkhalapakati. Amapezera ntchito ochita zisudzo, olemba ndi otsogolera mafilimu, amawanenerera pa malipiro, iye n'kutengapo 10 pa 100 iliyonse. Sagulitsa katundu wogwirika ndi manja. Chuma chake ndi kudziwa zinthu ena asanadziwe: kampani iti ikusaka wolemba, filimu iti yataya mwini gawo lalikulu, ndani wakangana ndi ndani. Ndipo zonsezo zimadutsa pa foni imene inu mudzakhala mutaigwira.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ali ndi kachitidwe kena kamene amakatcha rolling calls. Bwana amakhala ali m'galimoto, mwina atatsekeredwa pa msewu wa 405, inu muli mu ofesi ndi mndandanda wa anthu ofunika kuwaimbira. Mumaimba woyamba, mukam'peza mumamulumikiza kwa bwana, akamaliza mumaimba wachiwiri, choncho mpaka mndandanda uthe kapena bwana afike kumene akupita. Pamene iwo akulankhula inu simuchoka pa laini. Mumatseka mawu anu, n'kumamvetsera, n'kumalemba. Sikuba ayi, aliyense m'ntchitoyi amadziwa kuti mbali zonse ziwiri pali wothandizira amene watchera khutu. Bwana akati "ndikutumizira sikiripitiyo lero," kutanthauza nkhani yolembedwa ya filimu, sakubwerezaninso. Amayembekezera kuti mwamva ndipo yapita kale.

M'miyezi itatu yoyamba ndinamva zinthu zimene kalasi iliyonse sinandiphunzitse. Ndinamva momwe munthu amakanira ndalama zambiri ndi mawu ofatsa, podziwa kuti mawa awonjezera. Ndinaphunzira kuti "tikuikonda kwambiri" nthawi zambiri ndi kukana, ndipo kuvomera kwenikweni kumabwera ndi tsiku komanso nambala. Ndinaona kuti amene bwana amamuyankha pomwepo ndi amene amamusiya masiku atatu sasiyana pa luso, amasiyana pa zimene angabweretse mwezi umenewo. Malipiro enieni a desiki ndi amenewa. Amene amakhala pa laini uku maso ali pa Instagram amatuluka chaka chikatha ali monga analowera.

Ndikuchenjezeni pa kanthu kamene kanandigwetsa. Kwathu sitisintha mawotchi. America imawapititsa patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lachiwiri la Malichi, pamene Britain imadikira Lamlungu lomaliza la mwezi womwewo. Pakati pamenepo kusiyana kwa Los Angeles ndi London kumakhala maola 7, osati 8 monga mwa masiku onse. Ine ndinawerengera pamtima, n'kukonza foni yofunika ndi anthu a ku London pa ola lolakwika. Mbali ina inakhala ikudikira m'chipinda, ina isanakonzeke n'komwe. Zimene ndinauzidwa tsiku limenelo sindingazilembe pano. Kuyambira pamenepo sindinakhulupirirenso mutu wanga pa nkhani ya nthawi, ndipo ndinaphunzira kuti ukalakwa uziulula msanga, uli kale ndi njira yokonzera m'manja. Bwana amakhululuka cholakwa, koma akachimva kwa munthu wina ndiye kwatha.

Anzanu enieni pa ntchitoyi ndi othandizira a m'makampani ena, mawu aja amene mudzalankhula nawo kakhumi pa tsiku osaonana nkhope. Ndiwo angakufinyireni mphindi khumi pa tsiku la bwana wawo lodzaza kale, ndiwonso amayamba kumva za malo otseguka. Akakuitanani kukamwa kanthu ntchito ikatha, pitani ngakhale mukamwe madzi okha. Ife obwera tilibe amalume m'makampani amenewa, ndipo paja akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo yanga inali kuwerenga. Loweruka ndi Lamlungu amakupatsani masikiripiti kuti mulembe chidule ndi maganizo anu, chimene amati coverage, n'kumaliza ndi chigamulo: ikanidwe, iganiziridwe, kapena itengedwe. Ambiri amaiona ngati chilango. Koma ndi malo okhawo pamene bwana amaona kuti m'mutu mwanu muli chiyani, ndiye muzilemba ngati mayeso.

Tsono za ndalama, ndipo apa sindikunyengererani. Lendi ku Los Angeles ndi yokwera, ndipo popanda galimoto mudzavutika kwambiri chifukwa mzindawo ndi wotambalala. Mu 2019 wolemba wina, Liz Alper, anayambitsa #PayUpHollywood, olemba anzake John August ndi Craig Mazin atakamba za malipiro a othandizira pa pulogalamu yawo ya Scriptnotes. Anthu anakhuthula za kukhosi, ndipo makampani angapo anakweza malipiro pambuyo pake. Koma chimene chinaonekera poyera sichinathe: ntchitoyi amaikwanitsa mosavuta ndi ana amene makolo awo amawalipirira lendi. Inu ndalama zanu zimayenda mobwerera, kuchoka kwa inu kupita ku Zomba. Muwauze kunyumba zoona zake musanayambe, kuti chaka chino m'thumba mukhala mopepuka. Kulonjeza fizi ya mng'ono wanu ndi malipiro a desiki ndi kudziika khasu pakhosi.

Lamulo la California lili mbali yanu pa zinthu ziwiri. Wolipidwa pa ola akapyola maola 8 pa tsiku, ola lililonse lowonjezera amalandira malipiro a ola limodzi ndi theka, ndipo akapyola maola 12 amalandira kawiri. Komanso mukagwiritsa ntchito galimoto kapena foni yanu pa za kampani, ayenera kukubwezerani. Lembani maola anu onse m'kabuku kanu. Ndinaona anzanga akuchita manyazi kulemba ovataimu poopa kuoneka adyera, pamene bwana wawo tsiku lonse ntchito yake ndi kulimbirana ndalama za anthu ena. Dziwaninso kuti wothandizira pa kampani ya maejenti alibe bungwe lomuteteza. Mu 2023 olemba atachita sitalaka masiku 148, ochita zisudzo masiku 118, othandizira ambiri anachotsedwa kapena kudulidwa maola pa mkangano umene sunali wawo.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwa ife makamaka. Tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo ulemu umenewo udzakuthandizani: kufatsa pa foni, kupirira, kusaonetsa mkwiyo. Koma udzakupwetekaninso mukakumana ndi bwana wankhanza, chifukwa mudzaganiza kuti kupirira ndi khalidwe. Bwana wovuta ndi wina, wozunza ndi wina. Wovuta amafuna zinthu zichitike bwino ndiponso msanga, ndipo amakalipa zikalakwika. Wozunza amakutukwanani pagulu, amaponya zinthu, amakuitanirani ku chipinda cha hotelo usiku. Mu Epulo 2021 magazini ya The Hollywood Reporter inalemba zimene othandizira akale a Scott Rudin, wopanga mafilimu ndi zisudzo wotchuka, ananena za nkhanza zake, ndipo iye anachoka pa ntchito zake za zisudzo ku Broadway, ku New York. Zelda Perkins, amene anali wothandizira wa Harvey Weinstein, wopanga mafilimu wina, ku London, anasainitsidwa pangano losunga chinsinsi mu 1998, n'kukhala chete mpaka 2017. Inunso adzakupatsani pangano lotere, NDA, ndipo n'zachizolowezi chifukwa mudzamva zinsinsi za anthu otchuka. Liwerengeni lonse, ngati n'kotheka ndi loya. Kuchokera mu Disembala 2022 ku America kuli lamulo la Speak Out Act, loti pangano limene munasaina nkhani isanachitike silingakutsekeni pakamwa pa za nkhanza zogonana.

Chomaliza ndi mapepala, ndipo kwa inu ndi chimene chikulamulira zonse. Mwanena kuti muli pa OPT, chilolezo chimene wophunzira wakunja amagwirira ntchito ku America akamaliza sukulu. Kwa digiri yomwe si ya sayansi kapena ukadaulo, imeneyo ndi miyezi 12 basi, ndipo ntchito iyenera kugwirizana ndi zimene munaphunzira, choncho funsani ofesi ya ophunzira akunja ya pa sukulu yanu musanasaine. Makampani a maejenti amayembekezera kuti mukhale pa desiki chaka chathunthu. Mukuona nokha kuti nambala ziwirizi zikungokwanirana, popanda chotsala. Viza ya ntchito ya H-1B, imene mungaifune OPT ikatha, imayendera mayere, ndipo imafuna ntchito imene munthu sangaigwire popanda digiri yapadera, chimene n'chovuta kutsimikiza pa ntchito yoyankha foni. Anzanu a ku America angakhale pa desiki zaka zitatu kudikira kukwezedwa. Inu nthawi imeneyo mulibe. N'chifukwa chake ndanena kuti mulowe mukudziwa mwezi wotulukira. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi mukhale mutayamba kufunsa za London, Johannesburg, Cape Town kapena Lagos, kumene mafilimu ndi makanema a pa TV akupangidwa ndipo munthu wodziwa mmene pangano limakambidwira ku Los Angeles sakhala wamba.

Ku intavyu akakufunsani ngati muli ndi funso, funsani kuti amene anali pa desikiyo inu musanabwere anakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ali kuti tsopano. Akakutchulirani kampani imene anapita, ndi bwana amene amatukula anthu ake. Akayamba kuyang'anana, kapena mukamva kuti pa desikiyo padutsa anthu anayi chaka chimodzi, thokozani mwaulemu ndipo mundilemberenso, tione kwina.