Ndikumawerenga mpaka 2 koloko usiku, nanga zikuthawiranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene amagwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo. Mayeso awo atsala masabata atatu, ndiye akumagona maola anayi okha: amakhala pa buku mpaka 2 koloko usiku, ikamakwana 6 koloko ali kale m'maso. Chikuwasowetsa mtendere n'choti zimene awerenga usikuwo, pakangopita masiku awiri zimakhala ngati sanazionepo. Funso lawo lili pawiri: "Kodi mutu wangawu wakalamba? Nanga n'zoona zimene akunena mnzanga, zoti ndizijambula manotsi pa foni n'kumawamvetsera ndili m'tulo?"

Mayi, za ukalamba tiyambe taziika pambali. Ine ndikuona kuti mukuponda pa simenti isanaume. Zimene munthu waphunzira madzulo zimakhala zikadali zanthete, ndipo ntchito yaikulu yozilimbitsa imachitika iye atagona. Maola amene mukulanda ku tulo aja mukuwalanda ku phunziro lomwelo.

Nkhaniyi si ya dzulo. Mu 1924, John Jenkins ndi Karl Dallenbach a pa yunivesite ya Cornell anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo kuti aloweze. Nthawi zina ankawafunsa atatha maola angapo ali m'maso, nthawi zina atagona. Pakatha maola 8, akagona ankakumbukira zambiri kuposa akakhala m'maso. Awiriwa anaganiza kuti tulo timangotchinga, kuti wogona samva zatsopano zofufuta zakale. Anali atapeza theka chabe la nkhani.

Theka linalo lili m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamagwira zinthu zatsopano poyamba. Kufunika kwake kunaonekera pa Henry Molaison, yemwe mu 1953 madokotala anamuchotsa mbali yaikulu ya kachigawoka pofuna kuthetsa khunyu. Zambiri za ubwana wake ankazikumbukira, koma munthu amene wacheza naye m'mawa, masana anali mlendo. Kenako mu 1994, Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaika timawaya mu hippocampus ya makoswe amene ankayendayenda kufuna chakudya. Makoswewo atagona, maselo amene ankagwira ntchito limodzi poyenda paja anayambiranso kugwira limodzi. Khoswe ali gone, ubongo ukubwereza njira. Asayansi ambiri lero amaona kuti kubwereza kotereku n'kumene kumasamutsa zinthu pang'onopang'ono kupita ku mbali zina za ubongo kumene zimakhalitsa. Ndikaganiza za khoswe ameneyu ndimaseka ndekha, chifukwa iye akubwereza phunziro lake osayatsa nyali, pamene ife tikulimbana ndi zikope.

Tsono tulo si timodzi. Timayenda mozungulira, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 90, kanayi kapena kasanu pa usiku. Tulo tofa nato, timene munthu ungamunyamule osadziwa, timachuluka kumayambiriro kwa usiku, ndipo ndi timene timathandiza kwambiri pa mayina, matanthauzo ndi mfundo. Tulo ta maloto, timene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anatitulukira ku Chicago mu 1953 ataona maso a ogona akuyendayenda pansi pa zikope, timatalika kukamayandikira kucha. Munthu wogona maola anayi amadula kwambiri mbali yomalizayi. Ndipo usiku wathunthu umachita zoposa kusunga. Ku Lübeck, mzinda wa ku Germany, mu 2004, anthu anapatsidwa masamu amene anali ndi njira yachidule yobisika, osauzidwa. Mwa amene anagona usiku wonse asanabwererenso ku masamuwo, oitulukira njirayo anachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi amene sanagone. Paja mayeso safuna kuloweza kokha, amafunanso kuona mmene mfundo iyi ikugwirizanira ndi iyo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa kalata yanu ndi masabata atatuwo. Mu 2003, ofufuza a pa yunivesite ya Pennsylvania anagoneka anthu maola 4, ena 6, ena 8, kwa masiku 14 otsatizana. A maola 4 ndi 6 ankaipiraipira tsiku ndi tsiku pa ntchito zofuna tcheru, mpaka kufanana ndi munthu amene wachezera usiku umodzi kapena uwiri osagona n'komwe. Koma ukawafunsa, ankati akungomva tulo pang'ono basi. Apa m'pamene pali msampha: mutu wotopa sudziwa kuti watopa. Ineyo ndinazichitapo. Ndikukumbukira usiku wina ndikuwerenga ndime imodzi kachitatu, chala chili pa mzere, maso akuyenda bwinobwino, koma nditatembenuza tsamba sindinathe kunena ngakhale mutu wake. Ndinadzidzimuka tsaya lili pa buku, pepala litanyowa. M'mawa ndinkauza anzanga monyadira kuti ndawerenga mpaka 3 koloko.

Mukapanda kugona, ndiye kuti mwaluza pawiri: za dzulo sizinalimbe, ndipo za lero zikulowa movutikira, poti hippocampus yosagona imagwira zatsopano mofooka. Khofi sathetsa zimenezi. Amangotseka makutu a ubongo kuti usamve adenosine, mankhwala amene amaunjikana tikakhala m'maso n'kumatiuza kuti tatopa. Ndiponso amachedwa kuchoka: pakatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'thupi. Kapu ya 9 koloko madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pamene mukukagona 2 koloko.

Ndikanakhala inu, ndikanatseka buku cha m'ma 10 kapena 11 koloko. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati kutaya maola atatu kapena anayi, ndipo kwa munthu wapantchito nthawi ndi yosowa kale. Koma taganizani kuti maolawo akukupatsani chiyani panopa. Mphindi khumi zomaliza muzitseka buku n'kulemba papepala zimene mukukumbukira, osasuzumira. N'zowawa, chifukwa mumaona poyera zimene simukudziwa, koma kudzifunsa kotereku kumalimbitsa kuposa kuwerenganso. Kenako gonani maola osachepera 7, amene ndi mlingo wa munthu wamkulu. M'mawa dzifunseninso zomwezo kwa mphindi makumi awiri musanayambe china. Masana mukapeza mpata, katulo ka mphindi 20 kamatsitsimutsa mutu, kungoti kasamalowe m'malo mwa usiku. Ngati mumati mukagona tulo osabwera kwa masabata, kapena akunyumba amati mumaliza mkonono mpaka kubanika, imeneyo ndi nkhani ina, kaonaneni ndi dokotala.

Za mnzanu uja, funso lake linayesedwa kale. Mu 1956, Charles Simon ndi William Emmons ankauza anthu mafunso ndi mayankho usiku, uku makina akuyeza ngati agonadi. Zimene anthuwo ankakumbukira m'mawa zinali zimene anamva akadali m'maso kapena akusinza. Zimene zinanenedwa ali m'tulo teniteni sizinalowe. Komabe mnzanuyo sanaphonye kotheratu. Mu 2007, gulu la Björn Rasch ndi Jan Born linaphunzitsa anthu malo a makhadi uku akumva fungo la maluwa a rozi. Usiku, ali m'tulo tofa nato, anawanunkhitsanso fungo lija, ndipo m'mawa anakumbukira malo ambiri kuposa usiku umene sananunkhitsidwe. Koma onani: fungolo silinaphunzitse chatsopano, linangokumbutsa ubongo zimene unaphunzira kale uli m'maso, ndipo linabwera pa nthawi yeniyeni imene makina anaonetsa kuti munthu wafika pa tulo tofa nato. Foni yanu sidziwa nthawi imeneyo. Idzangolankhula usiku wonse pafupi ndi khutu n'kumakudzutsani pang'onopang'ono inu osazindikira. Manotsiwo jambulani ndithu, koma muziwamvetsera popita kuntchito kapena pochapa, n'kumaimitsa kaye kuti muyankhe nokha mawuwo asanakuuzeni. Pogona, foniyo ikagone kuchipinda china.