Kodi aphunzitsi a ziyankhulo amadana ndi ChatGPT?

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri pa yunivesite wandilembera imelo. Akuti mphunzitsi wawo wa Chingerezi waletseratu ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, pomwe wa Chifalansa amawalimbikitsa kuti azicheza nayo. Funso lake ndi lakuti, wolondola ndani?

Mnzanga, onse awiri ali ndi mfundo, chifukwa zimene akufuna kwa inu ndi zosiyana. Wa Chifalansa akufuna lilime lanu lizolowere. Kuno kwathu anthu oti mucheze nawo m'Chifalansa mukatuluka m'kalasi ndi ochepa, ndiye makina amene satopa kukuyankhani ngakhale pakati pa usiku ndi thandizo ndithu. Wa Chingerezi akakupatsani chimangirizo, chimene akufuna si pepalalo ayi. Akufuna mutu wanu utuluke thukuta posanja maganizo. Makina akakulemberani, pepala limaoneka bwino koma inu mumatsala pomwe munali.

Mantha amenewa ali paliponse kuyambira pomwe kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT mu Novembala 2022. Pomwe ine sindigwirizana ndi aphunzitsi ena ndi pa mapulogalamu ogwira akuba. Turnitin, pulogalamu yofufuza ntchito zokopera, idayamba kuloza ntchito zolembedwa ndi makina mu Epulo 2023, koma pofika Ogasiti chaka chomwecho yunivesite ya Vanderbilt ku America idali itazimitsa chipangizochi. Nayo OpenAI idachotsa chake mu Julaye 2023 poona kuti chimaphonya kwambiri. Chaka chomwecho akatswiri a ku yunivesite ya Stanford adayesa mapulogalamu otere pa zimangirizo za anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo, ndipo zoposa theka zidanamiziridwa kuti adalemba ndi makina. Anthu amenewo ndife! Mwana wochokera ku sekondale yoyendera, amene amalemba ziganizo zifupizifupi mosamala kuopa kulakwitsa, ndiye woyamba kukayikiridwa. Zimenezi zimandiwawa. Mphunzitsi wofuna kudziwa zoona angomuitana wophunzirayo kuti afotokoze pakamwa zimene walemba. Wolemba yekha sasowa chonena.

Pa Chichewa nkhani ndi ina. Pulogalamu yomasulira ya Google Translate idachilandira mu 2014, koma makina ngati ChatGPT adaphunzira kuchokera ku zolembedwa za pa intaneti, ndipo zathu kumeneko ndi zochepa. Auzeni akupatseni miyambi, mudzaona ina yopeka imene agogo anu sadaimvepo. Ziganizo zina mawu ake ndi a Chichewa koma kamangidwe kake ndi ka Chingerezi. Mphunzitsi wanzeru akhoza kubweretsa zoterezi m'kalasi kuti ophunzira azikonze ndi kunena chalakwika. Pamenepo wophunzira ndiye akuweruza makina, ndipo galamala imalowa bwino m'mutu kuposa kuloweza.

Tsono inu chitani izi. Mverani lamulo la mphunzitsi aliyense pa phunziro lake, ndipo pomwe simukumvetsa funsani musanapereke ntchito. Sungani zolemba zanu zoyamba, ngakhale zofufutafufuta za m'kope, kuti wina akadzakukayikirani mudzakhale ndi chomuonetsa.